Nyesi ya M'diramu ndi Chala cha Amayi

Magetsi oyamba kufika m'mudzi mwathu sanabwere pa mapolo ayi. Anabwera pa njinga, ali m'chigubu chodula pamwamba, ndipo anali ndi ndevu.

Zinali zaka zoyambirira za matipate, nthawi imene aliyense wofuna voti ankatikonda kwambiri. Ankafika pabwalo la sukulu ndi galimoto ya chimkuzamawu, n'kuloza cha ku Kachebere, amvekere mawaya adzera apo, atsikira apa, ndipo pofika Khirisimasi tizidzasankha mtedza usiku ngati masana. Ife tinkaomba m'manja, kuvina, kulandira nsalu. Bambo wina wa kumunsi kwa mudzi anachita kudula mtengo wake wa mango kuti polo idzapeze poima. Polo sinabwere, ndipo mango tinayamba kukapempha kwina.

Amene anakwaniritsa lonjezolo anali atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, munthu amene sanasankhidwepo pa udindo uliwonse, ngakhale wa komiti ya mjigo. Iwo ankakhalira kudutsa malire kupita ku Zambia. Ankamanga shuga pa njinga n'kudzera njira za m'minda zimene alonda a pachipata sankazidziwa, kapena ankazidziwa koma anatopa nazo. Akagulitsa shugayo ankakwera malole otsikira kuchigwa cha Luangwa, n'kubwerako ndi nsomba zouma ndi mabodza aawisi. Choncho atatiuza kuti kuchigwako kuli nsomba yokhala ndi magetsi m'thupi, palibe anatembenuka n'komwe. Anali omwewo amene anatiuzapo kuti tsiku lina anagona pamsana pa mvuu poyesa ndi mwala.

Koma ndisanafike pa nsombayo ndinene za pakhomo pathu, chifukwa chaka chimenecho panalibe zoseketsa.

Abambo anali mkamwini. Kwawo kunali kuseri kwa malire, mbali ya Zambia, mtunda woti ukanyamuka m'mamawa umakafika nthawi ya nkhomaliro. Anabwera kudzakwatira amayi ali mnyamata, n'kukhazikika pamalo a kuchikazi monga mwa mwambo wathu. Anali ndi manja abwino. Akasoka fodya, masamba ankakhala pamkangala ngati ana a sukulu pamzere, ndipo denga limene afolera iwo silinkadontha. Koma chimene ankadziwika nacho kwambiri, iwo ndi amayi, chinali kukangana. Ankakangana za mchere, za mbuzi, za amene waiwala khasu kumunda, za mvula ngati ibwera kapena ayi. Popita kutchalitchi abambo ankatsogola, amayi pambuyo akulalatira msana wawo, abambo akuyankha osacheuka. Sindinawaonepo atagwirana ngakhale chala. Koma anthu odutsa akamva phokoso pakhomo pathu ankadziwa kuti onse adzuka bwino.

Ndiyeno tsiku lina, nyengo yothyola fodya, abambo anagwa m'chigafa. Kuchipatala cha paboma anati ndi sitiroko. Anabwerako ali moyo, tithokoze, koma pakamwa patapotoka pang'ono, mwendo akuchita kukoka, ndipo dzanja lamanja likungolendewera ngati mkono wa malaya oyanika pachingwe. Akakhala pansi ankalinyamula ndi dzanja linzake n'kuliika pamwendo, ngati katundu amene munthu wina wawasungitsa.

Kuyambira tsiku limenelo mkangano unatha. Amayi anasanduka mkazi waulemu. Ankagwada popereka madzi, amvekere, "Mwadzuka bwanji, abambo?" Abambo n'kuyankha kuti, "Ndadzuka bwino, zikomo." Ine ndinali nditamaliza folomu folo, ndikungokhala pakhomo, ndipo ndikunenetsa kuti palibe chinandiopsapo ngati zikomo ameneyo. Nyumba inazizira ngati muli maliro amene sanalengezedwe.

Kenaka kunabwera uthenga wochokera kwa azakhali, mlongo wawo wamkulu wa abambo, wakuti tikangomaliza kukolola abwera ndi ngolo kudzatenga m'bale wawo. Umenewo ndi mwambo, si chipongwe. Mkamwini akadwala kwambiri abale ake amamutenga kuti akadwalire kwawo, kuopa kuti angafere kuchikamwini anthu n'kumanena kuti mkazi anamulekerera. Koma ine ndinali nditaonapo amuna angapo akukwezedwa ngolo chotero, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerera. Ndinafunsa amayi ngati alola. Anangoti, "Ndi m'bale wawo. Ine ndine yani kuti ndikane?" Ndinafunsa abambo. Anayang'ana dzanja lija n'kunena kuti, "Mkamwini amakhala pamudzi chifukwa cha khasu. Nanga ine ndikhala chifukwa cha chiyani?" Aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe kunena kuti ayi, ndipo onse awiri anali ndi makani oti akanatha kudikira mpaka tsiku la chiweruzo.

M'masiku amenewo ndi mmene atsibweni anatulukira, thukuta lili kamukamu, akukankha njinga, chigubu chili pakaliyala, madzi akutayikira m'matayala. Anati ulendo wonse ankatsika paliponse pali mtsinje kuti asinthe madziwo, mpaka dalaivala wa lole anafuna kuwasiya m'tchire.

"Alongo, tulutsani diramu lodula lija lothirira nazale," anatero asanapereke n'komwe moni.

"Mwatolanso chiyani inu?" anafunsa amayi.

"Chitukuko. Boma lachedwa."

Titathira madzi m'diramumo anapendeketsa chigubu, ndipo munatuluka chinthu chosaoneka bwino kuposa chamoyo chilichonse chimene ndinachionapo. Chinali ngati mlamba umene wakhala ukudya bwino moyo wake wonse osagwira ntchito. Chinali chonenepa, chofewa, chotuwa, cha madontho akuda, chopanda mamba, kutalika kwake ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya zala. Timaso tinali ngati mapira awiri, milomo yotupa, ndevu zili mbali zonse. Chinatsikira pansi pa diramu n'kugona osatipatsa moni.

"Imeneyi ndi nyesi," anatero atsibweni. "Amene amati ine ndimanama ayambe ndi iyeyo kuigwira."

Anayamba ndi mkulu wa mpingo wa kwathu, munthu wolemekezeka amene ankadana ndi bodza, makamaka la anthu ena. Anati uwu ndi mlamba wamba, ndipo Mulungu sangaike magetsi m'madzi chifukwa amadziwa kuti zinthu ziwirizi siziyenderana. Anapinda mkono wa malaya n'kupisa dzanja. Mawu amene anatuluka pakamwa pawo mulibe m'buku la nyimbo. Analumpha chammbuyo n'kukhala pa lichero la mtedza, ndipo atadzuka anayang'ana uku ndi uku kuti aone amene wamva. Tinamva tonse. Lamulungu lotsatira analalikira za kulamulira lilime, azimayi okhala kumbuyo akutsokomolera m'nsalu.

Basi mudzi wonse unasamukira pakhomo pathu. Anyamata ankapikisana kuti aone wolimba mtima, atsikana akuwaseka. Ena anati ndi ufiti, koma anabwerabe kudzaona ufitiwo, ena mpaka ndi mipando. Nanenso ndinaigwira, ndisaname. Mukudziwa mmene zimakhalira ukagunda chigongono pachitseko? Ndiye muganize zimenezo zikuyambira ku zala, kukwera mkono wonse mpaka m'mano. Sizitenga nthawi, koma kwa kanthawi komweko umaiwala dzina lako.

Komatu atsibweni sanavutike ndi nyesi ulendo wonse uja kuti izingogwetsa akulu a mpingo. Cholinga chawo chinali wailesi. Masiku amenewo mabatire ankatha msanga chifukwa aliyense ankafuna kumva andale akunyozana, chinthu chimene kale sichinkamveka. Anatenga wailesi ya abambo, anachotsa mabatire, anamangirira mawaya awiri, nsonga zake n'kuziviika m'diramu. Kenaka anatokosa nsomba ndi kamtengo. Wailesi inangoti thu! kamodzi, n'kukhala chete. Anatokosanso. Thu! Anayesa kuinyengerera nsombayo, anayesa kuitukwana m'Chinyanja cha ku Zambia poganiza kuti mwina Chichewa sikumva. Potsiriza anagwira waya ndi dzanja lonyowa kuti aone ngati magetsi akufika. Ankafika. Wailesi ija sinalankhulenso mpaka lero, koma pamene atsibweni ankadumphadumpha atapana dzanja m'khwapa, ndinaona mbali yamoyo ya pakamwa pa abambo ikugwedezeka. Kanali koyamba chibwerere kuchipatala.

Atsibweni ataona kuti za wailesi zakanika anataya chidwi, ndipo ntchito yosamalira nyesi inagwera ine. Ndinkaisinthira madzi, ndinaiikira phale loti izibisalamo popeza inkadana ndi kuwala, ndipo madzulo ndinkapita kudambo ndi chitenje chakale kukakola matemba amoyo. Abambo anayamba kukokera mpando wawo pafupi ndi diramu. Poyamba ndinkayesa akungothawa ulemu wa amayi, koma ayi, ankaiyang'anadi nsombayo tsiku lonse, ndipo ndi iwo amene anandionetsa mmene imapezera chakudya.

"Taona," ankatero, mawu akutulukira mbali imodzi. "Sithamangitsa kanthu. Ndi mimba imeneyo ingagwire ndani?"

Zinalidi choncho. Ndikaponya matemba, nyesi inkatuluka m'phale mwaulesi, ndevu zikufufuza m'madzi, popeza timaso tija sitinkaithandiza kwenikweni. Ikayandikira inkangonjenjemera pang'ono ngati munthu wamva kuzizira. Pomwepo matemba oyandikana nayo ankauma gwa n'kutembenuka chagada, iyo n'kumawatola limodzilimodzi mosapupuluma, ngati mayi akuzula bowa. Mano oopsa inalibe, minga yobaya ngati ya mlamba inalibe, liwiro inalibenso. Chodyera chake ndi chodzitetezera chake chinali chimodzi chomwecho, chobisika pansi pa chikopa chonenepacho. Chimene chinawazunguza mutu abambo n'chakuti iyo yokha magetsiwo sankaipweteka. Ankandifunsa kuti, "Kusukulu kuja sanakuuzeni?" Ndinkayankha kuti kusukulu magetsi tinkangowajambula pabolodi.

Anazindikiranso kuti mphamvu zake zimatha. Woyamba kuigwira m'mawa ankaona nyenyezi masana, koma anyamata akaisautsa tsiku lonse, wobwera madzulo ankangomva kunyerenyetsa basi. Inkafunika kupuma ndi kudya kuti idzazenso. Kuyambira pamenepo abambo anadzilemba okha ntchito ya ulonda. Aliyense wobwera ndi kamtengo ankakumana ndi ndodo yawo. "Isiyeni ipume! Mukuyesa ndi ya boma?" Posakhalitsa anthu anasiya kubwera, ndipo nyesi inayamba kunenepa mwamtendere.

Tsiku lina amayi akudutsa ndi ndowa pamutu, abambo anakweza mawu dala.

"Anthuwa akudabwa chiyani? Ine yotereyi ndakhala nayo m'nyumba zaka zonsezi. Yonenepa, yooneka yofatsa, koma tangoyerekeza kuikhudza."

Ndinasiya zimene ndinkachita. Kale mawu amenewo akanabweretsa nkhondo yofika mawa lake, yokhudza makolo awo a abambo onse pamodzi ndi mphuno zawo. Ndinaona khosi la amayi likuuma, mumtima ndinati eya, zayambika. Koma anatula ndowa n'kunena mofatsa kuti, "Madzi osamba ndaika, abambo." Abambo anawayang'ana akupita, kenaka anatembenukira ku diramu. Ine ndinapita kuseri kwa nkhokwe kukalira, nditakwiya nawo onse awiri.

Atsibweni atabwerako ku ulendo wina anafika ndi nzeru yatsopano. Vuto la atsibweni silinali kusowa nzeru, koma kuchuluka kwake.

"Alamu, lole ikafa batire amatani? Amailumikiza ku inzake, basi yalira. Dzanja lanulo n'chimodzimodzi. Tingoliviika m'diramumu."

"Mlamu wanu si lole," anatero amayi osatukula mutu. "Mwapha wailesi, sizinakukwaneni?"

"Lisiyeni," anatero abambo. "Lagona."

Nkhani inathera pomwepo, ndipo tinapitiriza kukolola. Sindinakololepo chimanga mochedwa dala ngati chaka chimenecho, koma munda ngakhale uuzengereze umatha.

Ngolo inafika m'mawa wina, ng'ombe ziwiri zikuikoka, matiresi atayalidwa kale m'katimo. Azakhali anali mayi wamkulu thupi, wa mawu ochepa, wa mphuno ngati ya abambo yomwe. Tinawayalira mphasa pakhonde. Popeza akuluakulu a mbumba yathu anali atatha kumwalira, mwini mbumba woyenera kulankhula m'malo mwathu anali atsibweni omwewo, tsoka lathu. Anavala jekete.

"A mulamu," anayamba azakhali akuyang'ana amayi, "ife tabwera chabe kutenga munthu wathu. Mwavutika naye, tathokoza. Manje ni nthawi yathu. Koma ngati muli na mawu, kambani."

Amayi ankatokosa bango la mphasa ndi chikhadabo. "Afunseni eni ake. Pakamwa ali napo."

"Nanga imwe, mukuti bwanji?" azakhali anatembenukira kwa abambo.

"Mmene anthu aonera," anatero abambo.

Anthu ake ati? Ndinkafuna kukuwa, koma mtsikana salankhula pankhani zotere, amangobweretsa madzi. Ndinayang'ana atsibweni kuti mwina jekete lija liwapatsa mawu. Anakonza kukhosi n'kunena kuti mbumba ilibe chotsutsa, kungoti sakudziwa amene azifolera madenga. Pamenepo amayi anadzuka, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chikwama cholongedza kale. Malaya onse anali atawasita. Chimenecho chinandipweteka kuposa ngolo.

Abambo anadzuka movutikira, ndodo ili kudzanja lamanzere. M'malo molunjika kungolo anayamba kukokera mwendo ku diramu. "Ndikatsanzike mnzanga," anatero. Tonse tinawatsatira. Azakhali atasuzumira anabwerera m'mbuyo.

"Nyesi? Mwasunga nyesi pa nyumba? Imwe anthu a ku Malawi!"

"Alamu," anatero atsibweni, ataiwala kale kuti ndi mwini mbumba, "poti mukupita, tayesani kamodzi kokha. Mutayapo chiyani?"

Ndinkayembekeza kuti abambo akana monga kale. Koma anayang'ana ngolo, anayang'ana chikwama chimene amayi ananyamula, n'kunena kuti, "Chabwino." Ndiye panabwera vuto limene palibe analiganizira. Dzanja labwino linali pandodo, ndipo akanaisiya akanagwa. Dzanja lakufa linkafunika kukwera pamwamba pa mlomo wa diramu lokha. Anagwedeza phewa kuti aliponye. Linakagunda m'mbali mwa diramu, gu! Anayesanso, thukuta likutuluka pamphumi. Gu! Munthu amene ankafolera madenga a mudzi wonse ankalephera kuika dzanja m'madzi. Tonse tinayang'ana pansi. Atsibweni anasendera kuti athandize.

"Chokani apo inu! Mungawathyole!"

Anali amayi, ndipo anali mawu awo enieni aja, amene tinali titawasowa chiyambire matenda. Anaponya chikwama pansi.

"Munthu wamkulu, wa imvi, kulimbana ndi diramu pamaso pa alendo! Bweretsani kuno."

Analigwira dzanjalo, zala zawo zili m'chikhatho cha abambo, n'kuliviika m'madzi pamodzi ndi lawo. Patapita zaka anandiuza kuti ankafuna kulisiya lisanafike pansi. Koma nyesi inali itatuluka kale m'phale kudzaona amene akusokoneza tulo take. Ndipo musaiwale kuti inali nyesi yopuma, yokhuta, yotetezedwa ndi mlonda wake nthawi yaitali. Inapereka zonse zimene inasunga.

Anakuwa onse awiri pamodzi. Ndodo inauluka. Anagwa chokhala m'matope a pafupi ndi diramu, ng'ombe zinadzidzimuka, azakhali anaitana Yesu. Koma ine ndinaona chinthu china, ndipo ndimachionabe. Pa kanthawi kamene magetsi ankadutsa, zala zakufa zija zinapindika zonse n'kufinya dzanja la amayi mwamphamvu, ngati munthu wogwira nthambi mtsinje ukumukokolola. Kenaka zinamasukanso. Koma amayi sanachotse dzanja lawo.

"Mwandifinya!" anakuwa.

"Si ine. Ndi nsomba."

"Nsomba ili ndi zala? Zaka zonsezi, mpaka ana kukula, munkadikira nsomba ya ku Zambia kuti mundigwire dzanja?"

"Ndikanakugwirani bwanji? Inu magetsi anu amaposa a iyo."

"Taonani chala changa! Mwandithyola, munthu woipa mtima inu!"

"Chinali chokhota kale. Kwanu nonse zala n'zokhota."

"Kwathu? Mukunena za kwathu inu, a mphuno ngati chitsa cha chinangwa?"

Azakhali anagwira mphuno yawo. Ine ndinkaseka misozi ili mbwembwembwe, osadziwa kuti ndikuseka kapena ndikulira. Atsibweni ankavina ndi jekete lawo, akukuwa kuti, "Yalira! Lole yalira! Alamu, tagwedezani zala anthu aone!"

Abambo anayang'ana dzanja lija. Tonse tinaliyang'ana. Anakunga nkhope, mitsempha ya m'khosi inatuluka. Palibe chala chinasuntha. Ndinene mosabisa kuti dzanjalo silinachire, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Mphamvu imene inalipinda inali ya nsomba, ndipo inapita ndi nsomba yomweyo kukagona m'phale. Atsibweni anasiya kuvina.

Kenaka azakhali analankhula mofatsa. "Manje tiyeni. Dzuwa likwera, ng'ombe zizatopa."

Amayi anali chikhalire m'matope. Anasolola dzanja lawo pang'onopang'ono, n'kuimika chala chapakati kuti aliyense achione.

"Apite kuti? Munthu wandivulaza pamaso pa mboni, ndiye athawire ku Zambia? Ayi, alamu. Pali mlandu apa. Akhala pompano mpaka chala chimenechi chipole."

Anang'amba kansanza m'mphepete mwa chitenje chawo n'kumanga chalacho, akuchita kulumira mano ngati chathyokadi. Azakhali anawerama n'kuchiyang'anitsitsa. Chala chinali bwinobwino, chosatupa, chosakalika n'komwe. Anayang'ana abambo, mlongo wawo, amene panthawiyo anali ndi chidwi chachikulu ndi mitambo. Kenaka anapumira m'mwamba.

"Chatupa zoona," anatero. "Mlandu ni mlandu."

Ngolo inabwerera itanyamula maungu, thumba la mtedza, ndi matiresi opanda munthu. Isanazimiririke n'komwe, amayi ndi abambo anali atayamba kale kukangana za amene anataya ndodo.

Nyesi sinakhalitse. Inali nsomba ya kuchigwa kotentha, ndipo chisanu cha kwathu cha mwezi wa Juni chinaigonjetsa. M'mawa wina tinaipeza itayandama, aliyense akutha kuigwira mmene akufunira. Abambo anakana kuidya. Atsibweni anaisenda, anaiphika, anaidya yonse okha, ndipo kwa masiku angapo ankauza anthu kuti akumva mphamvu m'thupi, amene ali ndi mabatire otha abweretse awapanire m'khwapa. Mapolo aja pofika nthawi imene ndinkachoka pamudzi kupita ku ntchito anali asanafikebe, ngakhale tinavota kangapo.

Abambo anakhala nafe zaka zambiri ndithu, mpaka anaona zidzukulu. Anaphunzira kupalira ndi dzanja limodzi, kuweta mbuzi, ndi kulangiza anyamata ofolera ali pansi, akuwaloza ndi ndodo n'kumawanyoza. Kukangana ndiye sikunafune manja. Ndipo chala cha amayi sichinapole. Kansanza kaja kankakhala pamsomali kuseri kwa chitseko. Mwana akangothamanga kudzanena kuti azakhali akubwera, amayi ankakuwa kuti, "Tandipatsa kansanza kanga!" Nthawi zina chifukwa cha changu ankamanga chala china, ndipo tsiku lina anamanga dzanja lina kumene. Azakhali sankaona zimenezo. Akakhala pamphasa ankafunsa mwaulemu kuti, "A mulamu, chala chili bwanji?" Amayi ankati, "Chikadali, alamu." Azakhali ankati, "Pepani," ndipo nkhani ya ngolo sinkatchulidwanso.

Abambo anamwalira m'nyumba yawo yomwe, imene anaimanga ali ndi manja onse, mkangano wa mbuzi ina usanathe. Azakhali anabwera pa kabaza, atakalamba kwambiri, akuchita kuwagwirira potsika. Analowa m'nyumba ya siwa n'kukhala pafupi ndi amayi. Ine ndinali pambali pawo. Tsiku limenelo palibe anakumbukira kansanza, ndipo zala za amayi zinali pamwendo zopanda kanthu. Nyimbo itadukiza, azakhali anatenga dzanja la amayi n'kulitembenuza.

"A mulamu, chala chija chinapola?"

Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Chinalibe kanthu chija, alamu," anatero. "Chayamba kuwawa lero."